Kalembedwe ka sewero la pa kanema lonena za ubwenzi wa amuna a zaka zapakati

Sewero la pa kanema lomwe limaseketsa anthu kwinaku likuwakhudza mtima, lonena za amuna atatu kapena anayi a zaka za pakati pa 45 ndi 55 amene akhala paubwenzi kuyambira ali anyamata, ndi lovuta kulemba kusiyana ndi momwe limaonekera likatha. Vuto lake lagona pakuti amuna a msinkhu umenewu sakonda kunena zimene zikuwapweteka, pomwe sewero limadalira anthu oyankhula. Wolemba akawakakamiza kuulula zakukhosi, oonera amadziwa msanga kuti akunamizidwa, chifukwa bambo awo, amalume awo kapena amuna awo sayankhula chomwecho. Akawasiyanso osanena kanthu, sewero limauma ndipo anthu amasintha tchanelo. Malangizo otsatirawa ndi othandiza wolemba kudutsa pakati pa mavuto awiriwa, kuyambira tsiku losankha atengambali kufikira tsiku lokapereka zolemba zake ku nyumba ya kanema.

Pali sewero la ku America lomwe lingatithandize kuona momwe ntchitoyi imagwiridwira. Dzina lake ndi Men of a Certain Age, ndipo linayamba kuonetsedwa pa kanema ya TNT mu Disembala 2009 n'kutha mu 2011 litakwanitsa magawo 22. Analiyambitsa ndi Ray Romano ndi Mike Royce, ndipo amuna atatuwo ankawasewera ndi Romano yemweyo, Andre Braugher ndi Scott Bakula. Linalandira mphotho ya Peabody, ndipo Braugher anasankhidwa kawiri kupikisana nawo pa mphotho ya Emmy chifukwa cha mbali yake. Nkhani yake ndi ya ku Los Angeles ndipo iyenera kukhala komweko. Chimene wolemba wa Chichewa angatengeko ndi kamangidwe kake basi, pakuti amuna amene iye adzalembe ayenera kuchokera m'dera lake.

Poyamba, sankhani amuna ndi bala la aliyense

Musayambe ndi nthabwala kapena ndi uthenga umene mukufuna kupereka. Yambani ndi amuna atatu, ndipo pa aliyense lembani mayankho a mafunso awiri: kodi ali ndi zaka 25 ankaganiza kuti adzakhala yani, nanga lero ndi yani? Mpata umene uli pakati pa mayankho awiriwa ndiwo udzadyetse sewero lonse. Mu sewero la ku America lija, Joe ali ndi sitolo yogulitsa zokongoletsera maphwando, banja lake latha, ali ndi chizolowezi chobetcha chimene akuchibisa, ndipo maloto ake oti adzakhale katswiri wa gofu sanafe. Owen amagulitsa magalimoto pa kampani ya bambo ake, ali ndi matenda a shuga, ndipo ngakhale ali ndi mkazi ndi ana, bambo akewo amamuonabe ngati mwana wosakhwima. Terry ndi wa zisudzo amene ntchito sizikumuyendera, sanakwatire, ndipo akukhalabe ngati mnyamata pamene imvi zafika. Taonani kuti mavuto atatuwa ndi osiyana mtundu: wina wataya zimene anali nazo, wina wapanikizika ndi zimene ali nazo, wina sanagwire kanthu.

Chitani chimodzimodzi ndi amuna a kwanu, koma musakopere mavuto a ku Los Angeles. Mwachitsanzo, woyamba akhoza kukhala kalaliki wa m'boma amene watsala zaka zochepa kuti apume pa ntchito pa zaka 60, koma nyumba imene anayamba kumanga kalekale inaima pa mawindo, ndipo kugwa kwa kwacha kwa mu Novembala 2023 kunachititsa kuti ndalama imene ankasungira malata isakwanenso. Wachiwiri akhoza kukhala makaniko wa manja abwino amene galaja yake imadzaza, koma ndalama yake imathera kubetcha mpira ndipo tsopano wagwera m'manja mwa a katapila. Wachitatu akhoza kukhala amene anapita ku Joni ali mnyamata, wabwerako wopanda chooneka, ndipo ana ake akumulandira ngati mlendo. Atatu ndi chiwerengero chabwino chifukwa awiri amatha kugwirizana n'kumukhalira wachitatu, ndipo mgwirizanowo umasinthasintha gawo lililonse. Akakhala awiri, mkangano uliwonse umaopseza ubwenzi wonse, pomwe akapitirira anayi simudzakhala ndi nthawi yokwanira yowadziwa bwino.

Chachiwiri, lembani mbiri ya ubwenzi wawo, ngakhale yambiri siidzaoneka

Tengani tsamba limodzi kapena awiri mulembe komwe anakumana, kaya ndi ku sekondale yogonera komweko, ku timu ya mpira ya m'dera kapena ku kwaya, ndipo mulembe zimene akhala akuchitirana kuyambira nthawiyo. Ndani anali nkhoswe ya mnzake? Ndani anabwereka ndalama osabweza, ndipo nkhaniyo saikambanso? Ndani anagona pa siwa bambo a mnzake atamwalira, nanga ndani sanabwere? Ndani anali wanzeru m'kalasi koma lero ndiye wosauka pa atatuwo? Funso lomalizali ndi lofunika kwambiri, chifukwa ubwenzi wa amuna a msinkhu uwu umakhala ndi kamlingo kobisika ka yemwe wakwera ndi yemwe watsalira, ndipo kamlingoko kamaonekera pa zinthu zazing'ono monga yemwe amalipira zakumwa ndi yemwe amayang'ana kumbali biluyo ikabwera. Mbiri imeneyi musaiike m'kamwa mwa atengambali monga nkhani yofotokozera oonera. Anthu amene adziwana zaka 30 sakumbutsana momwe anakumanirana, amangotchula dzina lachipongwe la kusukulu kapena theka la nkhani yakale, onse n'kuseka, ndipo oonera amamva kulemera kwa zakazo ngakhale sanauzidwe zonse.

Chachitatu, apatseni malo amodzi okumaniranapo

Amuna a mu sewero la TNT lija ankakumana kawirikawiri pa malo odyera amodzimodzi, ndiponso ankayenda limodzi m'mapiri a kufupi ndi mzinda wawo. Malo oterewa amagwira ntchito ziwiri. Yoyamba ndi yakuti nkhani zitatu zosiyana zimapeza polumikizirana, popeza aliyense amabwera ndi zake n'kuzitula pamenepo, kapenanso kuzibisa pamenepo. Yachiwiri ndi ya ndalama, chifukwa malo amene mumajambulapo gawo lililonse mumawalipira ndi kuwakonza kamodzi, ndipo mukhoza kujambula zochitika za magawo angapo tsiku limodzi ochita sewero akungosintha zovala.

Sankhani malo amene amunawo amakhala ndi chochita ndi manja kapena choyang'ana ndi maso. Bawo la pansi pa mtengo, benchi ya pa galaja, chiwaya cha tchipisi ndi kanyenya, galimoto yopita ku maliro kumudzi, kapena malo oonera mpira tsiku limene Bullets ikukumana ndi Wanderers, onsewa ndi abwino pa chifukwa chimodzi: amuna amamasuka kuyankhula akakhala mogundana mapewa maso ali kwina, kusiyana ndi pamene akuyang'anizana. Ndikulangiza kuti musafulumire kusankha bala, ngakhale ndi malo oyamba kubwera m'mutu. Mowa umapatsa wolemba njira yachidule yoti mtengambali aulule chinsinsi, ndipo kuulula kwa munthu woledzera kulibe mtengo chifukwa m'mawa amakukana. Komanso pa bala pamakhala phokoso limene lidzakuvutitseni pojambula mawu.

Chachinayi, lembani zoyankhula zimene zimazungulira nkhani

Pano ndi pamene pagona ntchito yaikulu, ndipo ndi pamene muyenera kutherapo nthawi yambiri. Musanalembe chochitika chilichonse, lembani pambali chiganizo chimodzi chonena chimene mtengambali akufunitsitsa kunena. Mukatero, dziletseni kuchiika m'kamwa mwake. Ntchito yanu ndi kupeza nkhani ina imene iye adzayankhule m'malo mwake, monga mtengo wa mafuta, timu imene yagonja kapena galimoto ya mnzake, mwa njira yoti oonera amve chiganizo chobisikacho.

Tiyerekeze kuti makaniko uja wapezeka ndi matenda a shuga. Wolemba wofulumira adzamulembera kuti, "Anzanga, ndili ndi mantha, adokotala andipeza ndi shuga ndipo ndikuopa kufa ana ndisanawaphunzitse." Mawu amenewa ndi oona, koma mwamuna wa zaka 50 sangawanene pa bawo. Yesani motere. Mayi wogulitsa tiyi akubwera, makaniko akuti, "Wanga musathire shuga lero, mayi." Kalaliki akufunsa maso ali pa bawo, "Bwanji, a Phiri, zavuta m'thumba?" Makaniko akuyankha kuti, "Wakwera mtengo, tisiyireko ana." Wa ku Joni akumuyang'ana kanthawi, akuona kapepala ka kuchipatala kakusuzumira m'thumba la ovolosi, kenako akungoti, "Takatani, dzuwa likulowa." Chochitikacho chithere pomwepo. Mu gawo lotsatira, wa ku Joni afike ndi botolo la madzi m'malo mwa zakumwa zotsekemera zimene amagula nthawi zonse, alipereke kwa makaniko popanda mawu, ndipo makaniko alilandire popanda kuthokoza. Oonera adzamvetsa zonse, ndipo zidzawakhudza kuposa kulira kulikonse, chifukwa iwo eni ndiwo adzakhale atazindikira chikondicho.

Samalaninso kwambiri ndi momwe amunawa amaitanirana, pakuti m'Chichewa zimenezi zimanyamula nkhani yambiri. Anthu amene anakulira limodzi amatha kunenana kuti "iwe" ndi kutchulana mayina achipongwe akakhala okha, koma mkazi wa mmodzi kapena mwana akangotulukira, amasintha n'kuyamba "inu", "achimwene", "bambo a uje" kapena mfunda. Kusintha kumeneku ndi chida chanu. Mnzake akamutchula dzina la udindo wa kuntchito ali awiriwiri, oonera amadziwa kuti pali chakwiyitsa munthu. Akabwerera ku dzina la kusukulu patatha magawo awiri osayankhulana bwino, amadziwa kuti mkwiyo watha ngakhale palibe amene wapepesa. Lembani ndandanda yaing'ono yosonyeza momwe aliyense amaitanira mnzake akakhala okha, pagulu, atakwiya ndiponso akafuna thandizo, ndipo muitsatire mosaphonya.

Aliyense akhale ndi kayankhulidwe kakekake. Kalaliki akhoza kukonda kusakaniza mawu a mu ofesi ndi kuyankha mozungulira ngati akulemba kalata. Wa ku Joni akhoza kumaponyamo mawu amene anatola kumeneko, makamaka akafuna kudzionetsa, n'kuwaiwala akapsa mtima zenizeni. Makaniko akhoza kukhala wa mawu ochepa ndi olasa. Njira yoyesera ndi kuphimba mayina pa tsamba n'kupatsa munthu wina kuti awerenge. Akalephera kudziwa amene akuyankhula, ndiye kuti onse atatu akuyankhula ngati inuyo. Miyambi muigwiritse ntchito mosamala. Mwamuna wa msinkhu uwu amatha kunena kuti "mwamuna salira" kapena kutchula mwambi wina pofuna kutseka nkhani imene yayamba kumuwotcha, ndipo pamenepo mwambiwo ukugwira ntchito ya sewero. Ukabwera kudzapereka phunziro kwa oonera, uchotseni.

Lamulo lobisa mawuli lili ndi malire ake. Kamodzi kapena kawiri pa sizoni yonse, mmodzi wa iwo anene chilungamo chonse poyera. Chifukwa choti mwakhala mukuwamana oonera mawu oterewa kwa magawo ambiri, tsiku limenelo adzalemera. Konzekeranitu kuti tsikulo lidzakhala liti ndipo mawuwo adzachokera kwa yani, ndipo ndi bwino achokere kwa amene oonera samamuyembekezera.

Chachisanu, kuseka ndi chisoni zichokere pa gwero limodzi

Cholakwika chofala ndi kulemba chochitika choseketsa, kenako chomvetsa chisoni, kenako choseketsanso, ngati kuti ndi masewero awiri osokedwa pamodzi. Mu sewero la mtundu uwu, chinthu chimene chikuseketsa chiyenera kukhala chomwecho chimene chikupweteka. Mu sizoni yachiwiri ya sewero la ku America lija, amuna atatuwo anapita limodzi ku Palm Springs kuti akapimidwe m'matumbo, kupima kumene madokotala amalimbikitsa anthu a msinkhu umenewo pofufuza khansa. Ulendo wotere ndi woseketsa chifukwa cha manyazi ndi zokonzekera zake, koma pansi pake pali mantha a imfa, ndipo wolemba safunika kuwonjezerapo nthabwala ina yochokera kunja. Fufuzani zochitika zoterozo m'moyo wa amuna anu: kalaliki kubwereka suti kuti akaoneke bwino pa chinkhoswe cha mwana wake, makaniko kubisala pansi pa galimoto ya kasitomala a katapila atafika, wa ku Joni kuyesa kulangiza mwana wake wamwamuna amene ndiye wakhala akudyetsa banja zaka zonsezi. Chilichonse mwa izi chimaseketsa poyamba, ndipo kuseka kukamatha mumatsala kuwawa.

Oonera a ku Malawi anazolowera kale kuseka amuna awiri apaubwenzi. John Nyanga ndi Eric Mabedi, amene ankadziwika kuti Izeki ndi Jakobo, anasonyeza kwa zaka zambiri kuti kukangana kwa mabwenzi awiri odziwana bwino kumakoka anthu, ndipo wolemba aliyense angaphunzire kwa iwo kaponyedwe ka mawu ndi kadikiridwe ka nthawi yoyenera. Kusiyana kwake ndi kwakuti mu nthabwala zazifupi atengambali amabwerera pomwe anayambira nthabwala ikatha, pomwe mu sewero lanu chimene chachitika mu gawo lachitatu chiyenera kusiya chipsera chooneka mu gawo lachisanu. Ngongole ikatengedwa, ikhalepobe mpaka ibwezedwe. Mawu oipa akanenedwa, akumbukiridwe.

Palinso chizolowezi china choyenera kuchizindikira. Masewero ambiri a pa wailesi ndi pa kanema kwathu, monga Tikuferanji, anakula ndi cholinga chophunzitsa anthu za umoyo ndi chikhalidwe, ndipo anagwira ntchito yotamandika pa nthawi imene uthengawo unkafunika kwambiri. Koma wolemba amene anakulira pa masewero oterewa amafuna kuti gawo lililonse lithe ndi munthu wanzeru wofotokoza phunziro. Mu sewero la ubwenzi, pewani zimenezi. Nkhani zolemera monga kubetcha, kuthamanga kwa magazi, kuchepa mphamvu m'banja ndi maganizo ofuna kudzipha zikhoza kulowa, ndipo ziyenera kulowa, poti malipoti a apolisi m'Malawi akhala akusonyeza kuti ambiri mwa odzipha ndi amuna. Koma zilowe monga zochitikira munthu amene oonera amukonda kale. Mukafika pa nkhani ya kudzipha, funsani a zaumoyo wa maganizo musanalembe, musaonetse njira imene munthu angagwiritse ntchito, ndipo onetsani kuti thandizo lilipo.

Chachisanu ndi chimodzi, akazi, ana ndi makolo akhale anthu enieni

Sewero lonena za amuna limagwa msanga akazi ake akangokhala olongolola kapena oyembekezera pakhomo. Mkazi wa kalaliki akhale ndi zofuna zake, mwina ndiye akuyendetsa banki m'khonde ndipo akudziwa bwino kuposa mwamuna wake kuti nyumba ija idzatha liti. Kawirikawiri mkazi amadziwa kale chinsinsi chimene mwamuna akuganiza kuti wabisa, ndipo kudikira kwake kuti mwamunayo anene yekha ndi nkhani payokha. Kumbukiraninso kuti munthu wa zaka 50 amakhala wapanikizika mbali ziwiri, ana akufuna fizi ya ku koleji pomwe makolo okalamba kumudzi akufuna mankhwala ndi feteleza. Owen uja mphamvu ya nkhani yake inali pa bambo ake, ndipo inunso mupeze mmodzi mwa atatuwo amene akadali mwana pamaso pa kholo lake.

Chachisanu ndi chiwiri, yalani magawo musanalembe gawo loyamba

Sizoni yoyamba ya Men of a Certain Age inali ndi magawo 10 ndipo yachiwiri inali ndi 12. Kwa wolemba amene akuyamba, magawo 6 kapena 8 ndi okwanira, chifukwa ndi osavuta kuwapezera ndalama ndiponso kuwamaliza. Tengani pepala lalikulu mujambule mizere itatu, umodzi wa mwamuna aliyense, ndipo pa mzere uliwonse mulembe pomwe akuyambira, pomwe zinthu zikuipiratu ndi pomwe akuthera. Onetsetsani kuti atatuwo sakugwa nthawi imodzi. Wina akamagwa, wina akhale akukwera, kuti pakhale wothandiza komanso wochitiridwa nsanje. Kusintha kwa munthu wa msinkhu uwu kumakhala kochepa, choncho musalonjeze zozizwitsa. Makaniko akakwanitsa kuuza mkazi wake kuchuluka kwenikweni kwa ngongole, chimenecho ndi chimake chokwanira cha sizoni yonse.

Mu gawo lililonse, mmodzi anyamule nkhani yaikulu, wachiwiri nkhani yocheperapo, wachitatu kankhani kopepuka, ndipo muzisinthanitsa gawo ndi gawo. Atatuwo akumane pa malo awo aja kawiri kapena katatu, koyamba kuti nkhani zidzalidwe, komaliza kuti tione zimene aliyense wasankha kuuza anzake ndi zimene wasunga. Pa kalembedwe, olemba masewero a pa kanema amawerengera kuti tsamba limodzi lolembedwa mwa dongosolo lake limatenga pafupifupi mphindi imodzi, choncho pulogalamu ya theka la ola imafuna masamba pafupifupi 24 mpaka 26 mukachotsa nthawi ya otsatsa malonda. Mapulogalamu a pa kompyuta monga Final Draft ndi Celtx amayala tsamba mwa dongosololi, koma ngakhale Word ikhoza kugwira ntchito mukasankha zilembo za Courier za saizi 12. Dziwani kuti mawu a Chichewa ndi aatali, ndiponso sewero lotere limakhala ndi nthawi zambiri zimene anthu akhala chete, choncho musadalire kuwerenga masamba kokha. Werengani mokweza muli ndi wotchi.

Gawo loyamba lisayambe ndi kufotokoza mbiri ya aliyense. Liyambe ndi atatuwo ali kale pakati pa chinthu china chaching'ono chimene chawavuta, monga galimoto yowafera pa msewu akupita ku ukwati, kuti momwe aliyense akuchitira ndi vutolo zisonyeze khalidwe lake.

Chachisanu ndi chitatu, werengani ndi ochita sewero, kenako lembaninso

Zolemba zikatha, itanani ochita sewero mukhale pa tebulo limodzi awerenge mokweza kuyambira poyamba mpaka pomaliza popanda kuwadula. Inu musawerenge nawo, ntchito yanu ndi kumvetsera ndi kuika chizindikiro pamene lilime lawo lapunthwa, pamene aseka mosayembekezeka ndi pamene ayamba kuyang'ana mafoni. Pamene lilime lapunthwa, kawirikawiri ndi pamene chiganizo chinaganizidwa m'chinenero china, ndipo njira yabwino ndi kufunsa wochita seweroyo kuti, "Inuyo mukananena bwanji?" Sankhani ochita sewero a msinkhu weniweniwo, osati anyamata opakidwa ufa kumutu, chifukwa kayendedwe, kakhalidwe pa benchi ndi katopedwe ka munthu wa zaka 50 sizitheka kunamizira. Ambiri mwa azisudzo athu akuluakulu anakulira pa siteji ndi pa wailesi, kumene mawu ndi manja ziyenera kukula kuti wa kumbuyo amve, ndiye wotsogolera ayenera kuwakumbutsa modekha kuti kamera ili pafupi ndipo imaona ngakhale kuphethira. Apatseni nthawi yocheza okha asanayambe kujambula, aziseweradi bawo ndi kudyera limodzi, kuti kuzolowerana kwawo kusakhale kongoyerekeza.

Pa ndalama zochepa zimene muli nazo, ikani patsogolo zojambulira mawu. Sewero limene mphamvu yake ili pa mawu otsika ndi pa kukhala chete silingapirire phokoso la jenereta kapena mphepo yowomba pa maikolofoni, pomwe chithunzi chosawala kwenikweni oonera amachikhululukira. Musaikemo kuseka kojambulidwa kale, ndipo nyimbo zikhale zochepa, makamaka pa zochitika zachisoni, pamene chiyeso choika nyimbo yoliritsa chimakula.

Pomaliza, tetezani ntchito yanu ndipo muipereke mwadongosolo

Musanatumize zolemba zanu kwa aliyense, sungani makope osonyeza tsiku limene munamaliza, ndipo ngati muli ku Malawi funsani ku bungwe la COSOMA, lomwe limayang'anira za umwini wa ntchito zaluso, momwe mungalembetsere ntchito yanu. Nyimbo iliyonse ya munthu wina imene mukufuna kuika mu sewero imafuna chilolezo cha mwini wake. Popita ku nyumba ya kanema, kaya ndi MBC, Times, Zodiak, Mibawa kapena ina, tengani zinthu zinayi: tsamba limodzi lofotokoza sewero lonse, kufotokoza kwachidule kwa atengambali, ndondomeko ya magawo onse, ndi gawo loyamba lolembedwa lonse. Ngati mungakwanitse, jambulani chochitika chimodzi cha mphindi zisanu cha amuna atatuwo ali pa malo awo, chifukwa sewero lotere silimveka kukoma pofotokoza pakamwa monga limamvekera poliona. Pangano lililonse likhale lolembedwa, ndipo linene momveka kuti mwini sewero ndi ndani, lidzaonetsedwa kangati, ndiponso ngati muli ndi ufulu woliika pa YouTube kapena pa Facebook pambuyo pake, poti kumeneko ndi kumene a Chichewa okhala ku Zambia, ku South Africa ndi ku Britain adzalipeze.

Mudzafunsidwa kuti ndani adzaonere sewero la amuna a imvi pamene oonera ambiri ndi achinyamata. Konzekerani yankho lake: amene adzaonere ndi akazi awo, ana awo amene akufuna kumvetsa bambo amene sayankhula, ndiponso amunawo eni, omwenso ndiwo amagula zinthu zimene mabanki, makampani a inshuwalansi ndi ogulitsa zomangira nyumba amatsatsa. Komabe funsolo ndi lenileni. Men of a Certain Age linayamikiridwa ndi olemba za masewero ndipo linalandira mphotho, koma TNT inalisiya mu 2011 itangotha sizoni yachiwiri chifukwa oonera sanachuluke mokwanira. Pa chifukwa chimenechi, lembani gawo lomaliza la sizoni yanu mwa njira yoti nkhani ikhoza kuimira pomwepo popanda kusiya oonera m'malere: funso lalikulu la mwamuna aliyense liyankhidwe, ngakhale yankholo likhale lowawa, ndipo musiye kankhani kamodzi kokha kotseguka kamene sizoni yachiwiri ingadzayambirepo ngati ndalama zitapezeka.